Kodi N'kulakwa Kulemba Mbale Wako Ntchito?

Pali mlandu wina umene sufika pabwalo, koma uweruzidwa tsiku ndi tsiku m'mitima ya anthu amene apatsidwa mphamvu ya kulemba anzawo ntchito. Mlanduwo ndi uwu: malo a ntchito ali amodzi, ofuna malowo ali khumi, ndipo mmodzi wa khumiwo ndiye mwana wa mlongo wako. Kodi ukam'lemba iyeyo walakwa? Nanga ukam'siya ndi kulemba mlendo, sunalakwire mbumba yako? Ambiri ayankha msanga, ena kuti inde, ena kuti iai. Koma ine ndiyesa kuti oyankha msangawo sanakhalepo pa mpando umenewo, ndipo sanamvepo mawu a mlongo wawo ali kudandaula pakhomo madzulo.

Tiyambe ndi kuchitira chibale ulemu, pakuti iwo amene achinyoza sadziwa chimene chasunga anthu a dziko lino m'zaka za njala ndi za maliro. Pa mwambo wa Achewa mtsibweni ndiye mwini mbumba. Ana a mlongo wake ayang'ana kwa iye pa mlandu, pa ukwati ndi pa matenda. Ndiponso munthu amene lero akhala mu ofesi ndi cholembera m'dzanja sanafikemo ndi miyendo yake yokha. Alipo amene anagulitsa mtedza ndi nkhuku kuti iye alipire sukulu. Alipo amene anatsala kumudzi ndi khasu kuti mmodzi apite. Tsono pamene mlongoyo adza nati, "Achimwene, mwana wanu uja anatha sukulu, koma angokhala," sali kupempha mphatso ai, ali kukumbutsa ngongole. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Chifukwa chake zolimbana pano ndi zabwino ziwiri, kukumbukira abale ndi kuchita chilungamo, ndipo mlandu wotere ndiwo uvuta koposa yonse.

Pali mawu enanso oikira mbale kumbuyo, ndipo ndi mawu anzeru. Kulemba munthu ntchito kuli ngati kugula mbewu pamsika: uona khungu lake, koma za m'kati udzazidziwa mvula itagwa. Mlendo adza ndi kalata ya umboni ndi malaya ochapa bwino, nayankha mafunso mokoma kwa theka la ora. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbale wako um'dziwa kuyambira ali kukwawa. Udziwa ngati alawira kapena agona kufikira dzuwa litakwera, ngati amwa, ngati abweza chimene wabwereka. Ndipo akaba, udziwa khomo lokadandaulako. Izi sizili kwathu kokha. Mu 1974 Mark Granovetter, wophunzira za makhalidwe a anthu ku America, anasindikiza zimene anapeza atafunsa amuna a ntchito zapamwamba a ku Newton, pafupi ndi Boston, za m'mene anapezera ntchito zawo. Ndipo oposa theka anazipeza mwa kuuzidwa ndi munthu wodziwana naye. Anthu a mitundu yonse akhulupirira mawu a munthu amene am'dziwa koposa pepala.

Nanga tsono cholakwa chili pati? Ine ndiyesa kuti tisanafunse kuti, "Ndilembe yani?" tiyenera kufunsa funso lina lotsogola, ndilo lakuti, "Ntchitoyi nja yani?" Munthu akakhala ndi munda wake, kapena sitolo yake, kapena bwato lake panyanja, alembe amene afuna. Akaika mwana wa mlongo wake waulesi m'sitolo, sitoloyo idzagwa, ndipo wolira adzakhala mwini wake. Wathandiza mbale ndi chuma chake cha iye yekha, ndipo palibe wom'zenga mlandu. Koma kapitao wa pa esiteti, mkulu wa sukulu, woyang'anira chipatala, kalaliki wa Boma, onsewa asunga za eni. Malo a ntchito amene ali m'manja mwawo ali ngati mbuzi yoikiza: uidyetsa, uitsekera m'khola madzulo, koma sungaiphere alendo ako ndi kutamandidwa kuti ndiwe wopatsa. Munthu wobweza ngongole ya kwa mlongo wake ndi malo a ntchito ya Boma wabweza ndi ndalama za m'thumba la wina.

Ndipo mwini weniweni kawirikawiri sakhalapo pa tsiku losankha. M'chipindamo muli wolemba ndi ofuna kulembedwa. Koma pamene sukulu isankha mphunzitsi, eni ake a mlanduwo ndiwo ana amene adzakhala pamaso pake chaka chathunthu, ndipo iwo safunsidwa kanthu. Ife aphunzitsi tichidziwa bwino chinthu ichi. Mwana amene anadutsa m'manja mwa mphunzitsi wosadziwa kuphunzitsa kuwerenga afika m'kalasi lachitatu asanadziwe kulumikiza zilembo, ndipo chaka chotayikacho sichibwera. Ambiri otere angoleka sukulu, nayesedwa opusa moyo wawo wonse, pamene wopusa anali wina. Pamene chipatala chilemba wopereka mankhwala, mwini mlandu ndiye mayi wa kumudzi amene adzafika usiku ndi mwana wotentha thupi. Mtsibweni aona nkhope ya mwana wa mlongo wake, namva chisoni. Nkhope za enawa saziona, popeza sizinafike. Apa ndipo pagona mphamvu ya kukondera: wopindula ali ndi dzina ndi amake odziwa kulira, pamene wopwetekedwa sanadziwike n'komwe.

Mitundu ina inalimbana ndi mlandu womwewu, ndipo n'kwabwino kuona m'mene inachitira, makamaka Angerezi, pakuti kalembedwe ka antchito a Boma kwathu kuno kanachokera kwa iwo. M'zaka zoyamba za m'ma 1800 malo a ukalaliki m'maofesi a Boma ku England anali mphatso za akuluakulu. Nduna kapena phungu ankapatsa malo mwana wa bwenzi lake, kapena wa munthu amene anam'thandiza pa chisankho. Ngakhale udindo wa usilikali unkagulidwa ndi ndalama kufikira 1871. Mu 1854 kunatuluka lipoti la amuna awiri, Stafford Northcote ndi Charles Trevelyan, amene anatumidwa kufufuza za antchito a Boma. Iwo anapeza kuti mabanja anazolowera kutumiza ana awo ochenjera ku ntchito zofuna mpikisano, ndi kusungira Boma aulesi ndi odwaladwala, podziwa kuti kumeneko munthu sachotsedwa, ndipo akwera udindo mwa kungokalamba. Mankhwala amene anatchula ndi awa: kuti olowa ntchito alowe mwa mayeso otsegukira onse, kuti oyesawo akhale anthu a padera osati a mu ofesi yofuna munthuyo, ndi kuti kukwera kukhale mwa kukhoza. Bungwe loyesa linakhazikitsidwa mu 1855, koma mayeso a mpikisano sanakhale lamulo la maofesi ambiri kufikira 1870, pa nthawi ya Gladstone. Panapita zaka 16 kuti chinthu choonekeratu chotere chichitike, pakuti amene anayenera kuvomereza lamulolo ndiwo omwe anali ndi mphatso zogawa. Ku America anachedwa koposa, kufikira munthu wina, Charles Guiteau, amene anadziyesa woyenera malo ku Paris chifukwa cha kuthandiza pa chisankho, anawombera Pulezidenti Garfield mu 1881. Lamulo la mayeso linadza mu 1883.

Koma mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi, ndipo mbali inayo ili ndi mboni yomveka. Anthony Trollope, amene pambuyo pake anatchuka ndi kulemba mabuku, analowa ukalaliki ku Positi Ofesi ya ku London mu 1834, ali ndi zaka 19, chifukwa amayi ake anali ndi bwenzi la m'banja la mkulu wa kumeneko. Iye mwini anasimba kuti pom'yesa anam'patsa mizere ya m'nyuzipepala kuti akopere, ndipo anadontheza inki nalakwitsa zilembo, masamu sanawadziwe. Anam'uza kuti abwere m'mawa mwake kudzayesedwanso, koma m'mawa mwake anangom'sonyeza tebulo lake. Zaka 7 zoyamba anali kalaliki wochedwa ndi wangongole. Atatumizidwa ku Ireland mu 1841 anasanduka wantchito wachangu, ndipo ndiye analimbikitsa kuti m'misewu muikidwe mabokosi oponyamo makalata, amene oyamba anaimikidwa pa chisumbu cha Jersey mu 1852. Munthu ameneyu anatsutsa mayeso a mpikisano zaka zambiri, nanena kuti mayeso asonyeza amene waloweza bwino, koma sasonyeza amene adzagwira ntchito bwino. Ndipo n'zoona kuti mayeso akadakhalapo mu 1834, iye sakadalowa.

Umboni uwu ndiulandira, koma ndili ndi funso pa iwo. Trollope tim'dziwa chifukwa analowa. Nanga mnyamata uja wodziwa masamu ndi wolemba bwino, amene akadakhala pa tebulo limenelo akadakhala kuti amake anali ndi bwenzi lotere, dzina lake ndani? Palibe analilemba. Ndiponso mwa mazana a anyamata amene analowa pa khomo lomwelo, angati anasanduka achangu, ndipo angati anangokalamba pa matebulo awo? Aulesiwo sanalembe mabuku osimba za moyo wawo. Aliyense wa ife adziwa munthu mmodzi amene analembedwa mwa chibale nachita bwino, ndipo tim'tchula msanga pa mtsutso. Koma kuyesa mwambo wonse ndi munthu mmodzi kuli ngati kuyesa nkhokwe ndi chisononkho chapamwamba.

Amene anaganiza mozama koposa za chinthu ichi ndiwo Achaina. Kwa zaka ngati 1,300, kuyambira cha m'ma 600 kufikira 1905, mafumu awo ankasankha akuluakulu a Boma mwa mayeso. Olemba mayesowo ankatsekeredwa yense m'kachipinda kake, mmene ankadyamo ndi kugonamo kufikira atatha kulemba. Ndipo popeza anadziwa mtima wa munthu, cha m'ma 1000 anayamba kumata dzina la wolemba kuti woyesa asalione. Anaona kuti zimenezi sizikwanira, pakuti mphunzitsi azindikira dzanja la wophunzira wake (ife timene tichonga makope tidziwa kuti n'zoona, dzanja la mwana silibisika), tsono analemba alembi ena oti azikopera yankho lililonse, kuti woyesa awerenge kope lokha. Taonani ntchito yonseyi, mazanamazana a alembi ali kukopera usana wonse, kungoti woweruza asadziwe amene ali kum'weruza! Iwo sanayese kuti oyesa awo ndi akuba. Anadziwa kuti ngakhale munthu wolungama, akaona dzina lodziwika, diso lake lifewa iye osazindikira.

Komabe mayeso si mngelo. Mayeso a ku China ankayesa kuloweza mabuku akale a Confucius ndi a ophunzira ake, ndi kulemba nkhani mwa dongosolo louma. Wopambanayo ankatumidwa kukaweruza milandu, kukhometsa msonkho ndi kusamala makhwawa a mitsinje, zinthu zimene sanayesedwepo. Akazi sankaloledwa konse, ndipo banja lokhoza kumasula mwana ku khasu zaka zambiri kuti aloweze mabuku silinali banja la mphawi. Angerezi nawo, pamene anatsegula mayeso a antchito aakulu a Boma la India mu 1855, anati alembe aliyense wofuna, Mzungu kapena Mmwenye. Koma mayesowo ankalembedwa ku London kokha, ndipo Chilatini ndi Chigriki zinali ndi malikisi ambiri. Mmwenye woyamba kupambana, Satyendranath Tagore, anapambana mu 1863 atawoloka nyanja. Ku India komweko mayesowo sanalembedwe kufikira 1922. Khomo linali lotseguka ndithu, koma analiika pamwamba pa phiri. Chinyengo chotere n'choipa koposa kukondera koonekera, chifukwa chivala malaya a chilungamo. Ndipo ife tichidziwa: chilengezo cha ntchito chikhomedwa pa khoma limene adutsapo ochepa, tsiku lotseka lili mawa, kapena pa ntchito ya ulonda afuna setifiketi imene mlonda sadzaigwiritsa ntchito usiku uliwonse wa moyo wake, popeza munthu amene am'funa kale ali nayo. Ena asanu ndi anayi aja alipira ulendo, abwereka jekete, nakhala pabenchi tsiku lonse, kudzakometsera chisankho chimene chinatha dzana.

Za dzina zija sizinathe ndi Achaina akale. Mu 2004 Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan anasindikiza zotsatira za kuyesa kwawo: anatumiza makalata ofunsira ntchito ngati 5,000 kwa olemba ntchito a ku Boston ndi Chicago, makalata ofanana m'maphunziro ndi m'luso, koma ena okhala ndi maina odziwika ngati a Azungu, ena a anthu akuda. A maina a Azungu anaitanidwa kamodzi pa makalata ngati 10, a maina a anthu akuda kamodzi pa makalata ngati 15. Kwathu kuno dzina la munthu kawirikawiri linena kumene achokera iye asanatsegule pakamwa. Lamulo la za ntchito la Malawi la chaka cha 2000 liletsa kusankha munthu chifukwa cha mtundu, chilankhulo, chipembedzo, kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Koma lamulo silingalowe m'diso la woyesa pamene awerenga mzere woyamba wa kalata. Pakuti chibale chili ndi mizere yambiri: pali mwana wa mlongo, pali wa kumudzi kwathu, wa chilankhulo chathu, wa sukulu yathu, ndipo mizere yakutaliyo ndiyo yoopsa, chifukwa pa iyo chikumbumtima sichilira konse.

Tsono wosunga za eni achite chiyani? Choyamba chimene ndiyesa chofunika koposa zonse ndi ichi: alembe ntchitoyo asanaone nkhope. Anene papepala kuti munthu amene afunika adzachita chakuti ndi chakuti, ndipo ayenera kudziwa chakuti. Achite zimenezi makalata asanafike, pakuti akayamba waona anthu, adzasoka malaya molingana ndi thupi la amene am'konda, nadzayesa kuti ntchito ndiyo ifuna malaya otero. Atatero afunse onse mafunso amodzimodzi, ndipo asaweruze yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma koposa mafunso, aone ntchito ya manja. Mmisiri wa matabwa apatsidwe thabwa. Kalaliki apatsidwe buku la ndalama losokonezeka kuti alilongosole. Mphunzitsi aimirire pamaso pa ana enieni kwa theka la ora. Ndaona anthu odziwa kulankhula mokoma za maphunziro pamaso pa akuluakulu, amene poimirira pamaso pa ana aang'ono analankhula ndi bolodi lokha. Ndipo ndaonanso wamanyazi, woyankha mafunso ndi mawu awiri, amene ana anam'tsata ndi maso kufikira belu litalira. Apa ndipo Trollope ayankhidwa bwino: ngati mayeso ayesa chinthu cholakwika, tiyese ntchito yeniyeniyo, ndipo chotsala chidzaoneka pa nthawi yoyesedwa, imene lamulo lija lilola kwa antchito aluso kufikira miyezi 12.

Watsala mlandu wovuta koposa. Bwanji ngati mwana wa mlongo uja ndiye wokhoza koposa onse khumi? Kum'kana chifukwa cha chibale ndi tsankho lomwelo, lotembenuzidwa. Iyenso ndi munthu, ndipo sanasankhe atsibweni ake. Koma kum'lemba ndi dzanja la atsibweni akewo kum'ononga, pakuti ngakhale akhoze chotani, anzake adzanena kuti analowera pazenera, ndipo tsiku limene adzalakwa palibe adzalimba mtima kum'dzudzula. Njira imene ine ndiiona ndi yakuti mtsibweni aulule chibalecho poyera, natuluke m'chipinda, ena aweruze. Ndipo atuluke ndithu, osasiya mawu m'makutu mwa anzake poyamba. Achaina aja anachitanso chomwecho: abale a woyesa ankalemba mayeso awo padera, pamaso pa woyesa wina.

Sindibisa kuti njira imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo wolipira ndiye mtsibweni. Mnyamata akalephera, kumudzi sadzanena kuti, "Achimwene ndi olungama." Adzati, "Anakhuta, aiwala kumene anachokera." Pa maliro adzam'patsa moni wozizira, ndipo mlongo wake adzakhala miyezi osaponda pakhomo pake. Amene alemba malamulo a ntchito sawerengera mtengo umenewu, ndipo ndiyesa kuti ndicho chifukwa malamulo ambiri angokhala m'mabuku. Ngongole ija ya mtedza ndi nkhuku ilipobe, ndipo iyenera kubwezedwa. Koma ibwezedwe ndi mbuzi ya m'khola lake: alipire mnyamatayo maphunziro ena, am'sunge pakhomo pamene ali kufuna ntchito, am'phunzitse kulemba kalata, am'uze kumene kwamveka malo. Zimenezi zipweteka thumba, pamene kupereka malo a Boma sikupweteka kanthu. Ndipo mwina munthu angadziyese yekha pamenepa, ngati chimene chim'kankha ndi chikondi cha pa mbale kapena kutchipa kwa mphatsoyo.

Mafumu a ku China anayesa kuchotseratu mtolo umenewu pa mapewa a antchito awo. Anaika lamulo lakuti woweruza asalamulire m'chigawo chimene anabadwira, ndipo ankam'suntha patapita zaka zowerengeka, kuti asamere mizu. Potero panalibe mlongo wogogoda pakhomo pake madzulo. Koma woweruzayo ankafika m'dera limene kawirikawiri sanamve kalankhulidwe ka anthu ake, sanadziwe malire a minda kapena mbiri ya milandu, ndipo pa zonsezi ankadalira makalaliki ndi amithenga a pamalopo. Iwowa sankalowa mwa mayeso aja, ndipo sankasunthidwa. Woweruza ankabwera napita, iwo ali pompo, ndipo ambiri a iwo pokalamba ankasiyira malo awo ana awo ndi abale awo.